Dimba langa lili m'matumba: zomwe ndinatola kwa ana a ku yunivesite kuno ku Machinjiri

Uthenga unatipeza Lamlungu titangoweruka kutchalitchi. Amayi amene amatsogolera keya gulupu yathu, gulu lophunzitsana za kasamalidwe ka ana ndi ka pakhomo, anaima pakhomo n'kunena kuti Lachitatu kubwera ana a ku yunivesite ndi mphunzitsi wawo, pamodzi ndi alangizi a zaulimi, ndipo akufuna amayi ndi abambo okonda kuphunzira za dimba la pakhomo. Funso loyamba kutuluka pagulupo silinali la dimba. Wina anati, "Kodi kuli kangachepe?" Funso limenelo linali mumtima mwa tonsefe, ngakhale ine.

Munali mu Sepitembala 2023. Ndimakhala m'nyumba ya lendi ku Machinjiri ndi amuna anga ndi ana atatu. Bambo a kunyumba amagwira maganyu a zomangamanga, ntchito yoti mwezi uno ilipo, mwezi wamawa kulibe. Ine ndimakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pamsewu. Kamunda tili nako kwa amayi anga cha ku Lunzu, koma namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi chaka chimenecho, madzi anakokolola mizere ndi nthaka yapamwamba, n'kutisiyira chimanga chochepa kwambiri. Ife sitinaone zoopsa zimene anaona anzathu a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene matope anakwirira nyumba ndi anthu omwe. Komabe mphika unayamba kupepuka. Mulu wa mpiru umene ndinkagula m'mawa n'kukwanira nkhomaliro ndi mgonero unasanduka timasamba towerengeka ndi zala.

Chimene chinandipititsa Lachitatu lija ndi mwana wanga womaliza, yemwe panthawiyo anali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Kusikelo, mzere wa m'kabuku kake unali utagona miyezi itatu osakwera. Alangizi a zaumoyo anandifunsa zimene amadya, ine n'kuyankha kuti phala. "Phala lothira chiyani, mayi?" Ndinati mchere, ndipo shuga akapezeka. Sanandikalipire, koma mmene anayang'anira kabuku kaja ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba.

Tinakumana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu ya pulayimale. Anabwera ophunzira asanu ndi mmodzi, atsikana ndi anyamata, ndi bambo wina wa imvi amene anali mphunzitsi wawo. Bamboyo sanazungulire. Anati alawansi palibe, feteleza waulere palibe, ndipo amene wabwerera zimenezo asataye nthawi yake. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena akunamizira kuti asiya nyemba pamoto. Tinatsala pafupifupi theka. Atatha kutiwerenga ndi maso anati yunivesite siyongophunzitsa ana m'kalasi ayi. Ili ndi ntchito yofufuza komanso yopita kwa anthu kukagawana nawo zimene yapeza. Anatinso zimene sizinayesedwe pakhomo pa munthu wosauka iwo sangadziwe ngati n'zothandiza, choncho nawonso abwera kudzaphunzira. Mawu omalizawo sindinawakhulupirire tsiku limenelo.

Ndinakula ndikudziwa kuti yunivesite ndi malo a ana a anthu ena. Ndinkamva za Bunda ku Lilongwe, imene lero ili pansi pa LUANAR, kuti ndiko amaphunzira za ulimi. Ndinkadutsa pa Poly ku Chichiri, imene kuyambira 2021 imatchedwa MUBAS, ndi pa sukulu ya madokotala imene tsopano ndi KUHeS, ndili m'minibasi, n'kumangoona mipanda. Sizinkandibwerera m'mutu kuti zimene amaphunzira kuseri kwa mipanda imeneyo zingafike pakhonde panga.

Phunziro loyamba linali la dothi. Anatiuza tibweretse dothi la pakhomo pathu m'kajumbo. Mtsikana wina, wamfupi, wolankhula modekha, anatiuza tinyowetse pang'ono n'kufumbata. La mnzanga wina linangomwazika ngati shuga: mchenga, sungasunge madzi. Langa linaumbika n'kukhala chibuma chonyezimira, katondo wofiira uja amene ukauma umalimba ngati njerwa. Mtsikanayo anatenga lake limene anabwera nalo, lakuda, lonunkhira ngati pansi pa mtengo mvula itagwa. Atalifumbata linagwirana, koma atalikhudza ndi chala linaphwanyika bwinobwino. "Mayi, tikufuna lanu lifike apa," anatero. "Sitisintha dothi, tilidyetsa."

Ndinamuuza kuti malo ndilibe. Kuseri kwa nyumba kuli kampata kokwana masitepe anayi, ndipo eni nyumba safuna wina azikumba pafupi ndi maziko. Apa m'pamene anationetsa dimba la m'thumba, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ambiri amene amandifunsa amalakwitsa pamalo amodzi.

Mumatenga thumba la makilogalamu 50, lija la chimanga kapena la ufa, n'kulipinda m'mphepete kuti likhale lalifupi. Pansi mumathira dothi losakaniza ndi manyowa okupsa, ife tinkachita ndowa ziwiri za dothi pa ndowa imodzi ya manyowa. Pakati mumaimika chitini chobooka mbali zonse ziwiri n'kuchidzaza timiyala. Mozungulira chitinicho mumathira dothi lija, kenaka mumachikoka pang'ono kupita m'mwamba, timiyala n'kutsala mkati, mumadzazanso. Mukatero mpaka thumba litadzaza, pakati pamakhala msana wa miyala kuchokera pansi kufika pamwamba. Madzi mumathira pamiyalapo, ndiye amatsika n'kufalikira thumba lonse. Anthu ambiri amadumpha zimenezi poona ngati n'zotaya nthawi. Zotsatira zake pamwamba pamakhala matope pamene pansi pali gwa, ndipo mbewu za m'munsi zimafa. M'mbali mwa thumba mumacheka timabowo motalikana ngati chikhatho chotambasula, mosinthanasinthana kuti zisaphimbane, n'kuwokeramo mbande za mpiru, repu kapena chayinizi. Pamwamba ife tinadzala anyezi ndi bonongwe. Kuwokera kumafunika madzulo, dzuwa litapendeka, ndipo tithire kaye thumba lonse dzulo lake.

Ndinapanga matumba anayi. Patatha masiku asanu mbande zanga zinayamba kuchita chikasu m'mphepete mwa masamba, kenaka zinafota ngati wazithira madzi otentha. Ndinakwiya. Lachitatu lotsatira ndinalankhula pagulu kuti zinthu zawo za m'mabuku zandiwonongetsa ndalama ya mbande. Mtsikana uja sanatsutse. Anati, "Mayi, tiyeni tikaone." Tinayenda limodzi mpaka kunyumba, iye nsapato zake zitachita fumbi. Anagwada, n'kupisa dzanja m'thumba mpaka m'chigongono, n'kutulutsa dothi, n'kununkhiza. Anandipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Fungo lake linali lolasa m'mphuno ngati m'khola, ndipo dothilo linali lofunda. Ndinali nditagula zitosi za nkhuku kwa woweta wina n'kuzithira tsiku lomwelo, poganiza kuti zatsopano ndiye zamphamvu. Zitosi zosapsa zimatentha mizu. Iye anali atanenadi za manyowa okupsa, koma ine ndinamva ngati mawu wamba. Anandiuza ndikhuthule matumba onse, dothilo ndiliunjike pamthunzi, ndizilinyowetsa ndi kulitembenuza kwa masabata angapo mpaka fungo litachoka. Ndinalira usiku umenewo chifukwa ndalama ya mbande ija inali ya mafuta okazingira zitumbuwa.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kupanga manyowa anga. Kale makoko a nthochi za zitumbuwa, zotsalira za masamba, phulusa la pambaula ndi zinyalala zosesa pabwalo zonse zinkapita kudzala. Tsopano ndili ndi kamulu pakona: pansi mapesi kapena udzu wouma, pamwamba zobiriwira ndi makoko, kenaka zitosi pang'ono, kadothi, kaphulusa kowaza chabe, madzi, n'kubwerezanso. Pakati ndimabayapo ndodo. Ndikaizula patatha masiku angapo n'kupeza yafunda, ndiye kuti mulu ukupsa. Ikakhala yozizira ndi youma, ukufuna madzi. Ukamanunkha zowola, madzi achuluka ndipo ukufuna kutembenuza ndi kuwonjezera zouma. Majumbo, mabatire ndi zotsala za nyama sizilowamo. Alangizi aja anationetsanso manyowa a chimato, amene mulu wake umamatidwa ndi matope kunja konse n'kusiya kabowo pamwamba, koma amenewo ndi a kumunda, pakhomo pa lendi malo ake palibe.

Za madzi aliyense wa mu Blantyre akudziwa. Pali masiku amene mpopi umangopuma mpweya, ndipo chigubu chogula sungachithire pa mpiru ana asanasambe. Ine ndimasunga madzi otsukira mpunga ndi masamba, ndi otsukuluzira zovala komaliza. A sopo wambiri, a mafuta, ndi othira mankhwala oyeretsera zovala sindithira. Pamwamba pa thumba ndimaphimbira ndi udzu wouma kuti dzuwa la Okutobala lisamwe madzi anga. Anatichenjezanso za kuthirira masamba ndi madzi a m'ngalande ndi m'mitsinje yodutsa pakati pa nyumba za anthu. Kolera imene inavuta mu 2022 ndi 2023 inali ikadali m'makutu mwathu, kotero palibe anatsutsa.

Nsabwe za m'masamba zinabwera nyengo itatentha. Zimabisala kunsi kwa tsamba, ndipo ukamaona tsamba likupiringizika ndiye kuti zakhazikika kale. Mnyamata wina wa gulu lija anatiphunzitsa kuyendera matumba m'mawa uliwonse, kutembenuza masamba, kufinya ndi zala zikadali zochepa, kuthothola tsamba logwidwa kwambiri, ndi kuwaza madzi osungunulamo kasopo pang'ono madzulo. Koma chimene chinandikhudza ndi zimene ananena za mankhwala ogula. M'misika amagulitsa mankhwala othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro, ndipo munthu amapopera lero n'kuthyola mawa kukagulitsa. Botolo lenileni limalembedwa masiku oyenera kudikira usanakolole, ndipo masikuwo amasiyana mankhwala ndi mankhwala. Ngati palibe cholembedwa, simukudziwa chimene mukudyetsa ana. Ine pa matumba anga sindinapoperepo mankhwala ogula, chifukwa matumba khumi munthu amatha kuwasamala ndi manja.

Tsopano ndinene za amayi anga, chifukwa ndi iwo anandichititsa kukhulupirira mawu a bambo wa imvi aja. Anabwera kudzationa kuchokera ku Lunzu tsiku lina la maphunziro, ndipo ndinawatenga. Anakhala pamphasa chete mpaka ophunzira atayamba kukamba za mbewu zogula m'mapaketi. Kenaka anatsokomola n'kunena kuti, "Ana inu, kodi luni mukumudziwa?" Awiri okha ndi amene ankamudziwa. Amayi anayamba kuwerenga: bonongwe, chisoso, luni, denje, chitambe, khwanya, kholowa, nkhwani, chigwada. Anafotokoza kuti bonongwe ukamusiya mmodzi kuti akhwime, n'kupukusa ngala yake pa lichero, mbewu yake imakwanira mudzi. Anafotokoza za mfutso, mmene ankafutsira chitambe ndi nkhwani nthawi ya dzinja n'kusunga m'chikwatu cha masamba kuti adye m'chilimwe. Ophunzira aja anatulutsa makope n'kumalemba. Mphunzitsi wawo anakhala pansi pafupi ndi mphasa n'kumafunsa kuti, "Agogo, nanga luni kuwawa kwake mumakuchotsa bwanji?"

Nawonso anawonjezera zawo. Anati masamba ofutsa aviikidwe m'madzi owira kanthawi kochepa chabe, osati kuwaphika mpaka kufewa, ndipo ayanikidwe pamthunzi podutsa mphepo, pamalo okwera, chifukwa dzuwa lachindunji limawononga zina mwa zofunika m'thupi. Pa nkhani ya soda ndi chidulo sanagwirizane. Ophunzira anati soda amapha mavitamini ena m'masamba. Amayi anati therere lopanda chidulo si therere. Anatsutsana mwaulemu mpaka anagwirizana kuti therere likhale ndi chidulo chake, koma mpiru, bonongwe ndi nkhwani ziziphikidwa popanda soda, madzi ochepa, osapsetsa kwambiri, ndipo msuzi wake usatayidwe. Pobwerera kunyumba amayi anati, "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mutu wometedwawo ndi wako."

Lero mwa matumba anga khumi, asanu ndi a ndiwo zamakolo. Sizigwidwa nsabwe ngati repu, zimapirira ludzu, ndipo mbewu yake sindigula.

Maphunziro a kaphikidwe anachitikira pabwalo la amayi ena, pa mafuwa. Anayala nsalu pansi n'kuika milu isanu ndi umodzi: zokhutitsa monga ufa, mbatata ndi chinangwa, zanyemba monga nandolo, soya ndi mtedza, zanyama, kuphatikizapo mazira, usipa ndi ngumbi, zamasamba, zipatso, ndi zamafuta. Aliyense anauzidwa atole zimene banja lake linadya dzulo. Ine ndinatola ufa ndi mpiru basi, ndipo sindinali ndekha. Kenaka tinaphika phala la mwana: ufa wa mgaiwa, nsinjiro, bonya wokazinga pang'ono n'kusinja n'kusefa, nkhwani wophika wopotedwa, ndi kasupuni ka mafuta. Anatsindika kuti phala likhale lolimbirako, loti ukapendeketsa supuni lisayenderere ngati madzi, chifukwa mimba ya mwana ndi yaing'ono ndipo phala lamadzimadzi limangoidzaza popanda kanthu. Ine ndinkaganiza kuti lamadzimadzi ndilo loyenera mwana. Anatiuzanso za masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufika mwana atakwanitsa zaka ziwiri, kuti kupinimbira kukachitika nthawi imeneyi n'kovuta kukubweza. Wanga anali atatsala ndi miyezi yosakwana khumi. Masiku oyamba ankalavula chifukwa cha fungo la bonya. Ndinachepetsa, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Ulendo wachitatu wa kusikelo mzere uja unadzuka.

Gawo limene linandivuta kwambiri silinali la dothi kapena la mphika. Anati sabata inayo aliyense abwere ndi mnzake wa m'banja. Amuna anga anakana. "Za madimba ndi maphala n'zanu azimayi. Ine ndikataye tsiku la ganyu chifukwa cha ana a sukulu?" Ndinawapempha katatu. Anapita chifukwa tsikulo simenti inali isanafike kuntchito kwawo.

Anatigawa, abambo paokha, amayi paokha, n'kutipatsa pepala lalikulu kuti tijambule tsiku lathu kuyambira podzuka mpaka pogona. Lathu linadzaza mpaka m'mphepete: kudzuka 4 koloko, kusonkha moto, kukazinga, kutunga madzi, kusambitsa ana, kumsewu, kuphika, kuchapa, kuthirira, kuphikanso, kutsuka mbale. La abambo linali ndi ntchito yolemetsa ndithu, kusenza njerwa si masewera, koma kuyambira madzulo linali ndi mpata woyera, wolembedwa kuti bawo ndi mpira. Anapachika mapepala awiriwo moyandikana. Palibe ananyoza wina. Mtsikana uja anangofunsa kuti, "Dimba likafuna madzi 5 koloko madzulo, ndani ali ndi manja?" Amuna anga sanayankhe. Njira yonse yobwerera sanandilankhule, ndipo ndinadandaula kuti ndinawatengeranji.

Patapita masiku atatu ndinadzuka n'kupeza zigubu ziwiri zodzaza zili pakhomo. Sananene kanthu, inenso sindinanene kanthu. Sabata yotsatira anabwera ndi matabwa otsala kuntchito n'kukhoma kathandala koikapo matumba kuti nkhuku za aneba zisafikire. Kenaka tinachita chimene alangizi amachitcha masomphenya a banja: kukhala pansi tonse, ana omwe, n'kujambula pamene tili ndi pamene tikufuna kufika pakatha zaka zitatu. Mwana wathu wamkulu anajambula nsapato za sukulu. Ine ndinajambula poto wamkulu wokazingira. Iwo anajambula kapuloti. Usiku umenewo, koyamba chikwatiranireni, anandiuza ndalama yeniyeni imene amalandira pa ganyu, inenso ndinawauza imene ndimasunga ku banki mkhonde, yomwe ndinkawabisira. Sindikunena kuti mikangano inatha. Ilipo, makamaka mwezi ukakhala wopanda ganyu. Koma tsopano timakangana tikuyang'ana kope limodzi.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza anafika poti thumba lathunthu sitikanalikwanitsa. Apa m'pamene alangizi ndi ophunzira aja anatiphunzitsa manyowa a Mbeya. Mmene anatiphunzitsira ife ndi motere: makilogalamu 20 a ndowe zouma zosinja, za nkhuku, nkhumba kapena mbuzi, makilogalamu 20 a madeya, makilogalamu 10 a phulusa losefa, makilogalamu 10 a feteleza wogula, ndi malita 5 a madzi. Mumasakaniza bwino mpaka pofumbata zizigwirana koma osadontha madzi, n'kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba kuti mpweya usalowe, n'kusunga pamthunzi masiku 21. Mukamasula mumayanika pamthunzi musanakathire. Wokulitsa amapangidwa ndi feteleza wokulitsa, wobereketsa ndi yureya. Anatiuza mosabisa kuti thumba la Mbeya silifanana mphamvu ndi thumba la feteleza wogula, choncho pa phando pamafunika wochulukirapo. Ubwino wake ndi woti feteleza wochepa amafika patali ndipo nthaka imatsala ndi chakudya.

Amayi anakayikira, amuna anganso anakayikira. Mphunzitsi uja anati, "Musandikhulupirire ine. Gawani munda." Tinagawa kamunda ka ku Lunzu pawiri. Mbali ina tinalima monga mwa masiku onse, mbewu zitatu pa phando ndi kafeteleza kamene tinali nako. Mbali ina tinadzala mwa Sasakawa, mbewu imodzi pa phando, masentimita 25 kuchoka phando kufika linzake, mizere yotalikana masentimita 75, ndi Mbeya, ndipo tinatseka mizere ndi ngonyeka kuti madzi asathamange. Nandolo tinadzala mbali zonse monga timachitira kuno kummwera. Chaka chake chinali choipa. Mvula inadula pakati pa dzinja chifukwa cha El Niño, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi ya njala. Sindinganame kuti tinakolola zodzaza nkhokwe. Mbali zonse ziwiri zinavutika. Koma ndinaona ndi maso anga kuti masana chimanga cha mbali yakale chinkapota masamba msanga, pamene cha mbali ya manyowa chinkapirira, ndipo pokolola zisononkho zake zinali zodzaza kuposa zinazo. Chimene chinatipulumutsa kwenikweni ndi nandolo, ndi mbatata yofiira mkati ya Kadyaubwerere imene tinadzala mochedwa titapeza mbewu kudzera kwa alangizi. Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A, ana amaikonda, ndipo kholowa wake ndi ndiwo.

Chizolowezi chogawa pawiri chija chinandikhala. Wina akandiuza kuti chakuti chimathandiza, ndimayesa pa thumba limodzi n'kusiya linzake, n'kulemba m'kope tsiku ndi zimene ndaona. Kope lake ndi lija la ana a pulayimale, lothimbirira ndi mafuta a zitumbuwa. Ndi mmene ndinadziwira kuti kuseri kwa nyumba yanga chayinizi amachita bwino nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, koma kukatentha amathamangira kuchita maluwa, pamene bonongwe ndiye amakondwa ndi kutentha. Tomato m'matumba ndinayesa kawiri, kawiri konse anagwidwa ndi timbozi tolowa m'masamba ndi m'zipatso, ndipo ndinamusiya.

Mlendo ndi mame. Itakwana nthawi yawo ophunzira aja anabwerera kusukulu kukalemba mayeso, ndipo gulu lathu linazilala kwa miyezi iwiri. Apa pali chinthu chimene ndikufuna a mayunivesite ndi mabungwe amve. Kuno kwathu kwabwera magulu ambiri ndi mapepala a mafunso: mumadya kangati, muli ndi ana angati, mumapeza zingati. Timayankha, amatijambula, amapita, ndipo zimene anapeza sitizimvanso. N'chifukwa chake anthu amafunsa za kangachepe, poti anazolowera kuti china chotsala palibe. Gulu ili linasiyana ndi enawo chifukwa linagwira dothi, linalowa kuseri kwa nyumba zathu, ndipo lisanapite linatisonkhanitsa n'kutiuza zimene linalemba, zolephera zomwe. Komabe nalonso linapita, ndipo mafunso amabwera mbewu ikadwala, osati tsiku la phunziro.

Choncho mukamva kuti kwanu kukubwera maphunziro otere, pitani, ndipo tsiku loyamba lomwelo funsani kuti akhala nanu mpaka liti, ndipo akapita mudzafunsa ndani. Ngati akulemba mayankho anu, muli ndi ufulu wofunsa kuti akupita nawo kuti, ngakhale wokana kujambulidwa. Gwiranani kwambiri ndi alangizi a boma a dera lanu, chifukwa iwo ndi otsala. Maofesi a zaulimi aliko ku Lunzu ndi madera ena ozungulira mzinda, ndipo ku Bvumbwe, panjira ya ku Thyolo, kuli malo a boma ofufuzira za masamba, zipatso ndi mbatata. Sankhani pakati panu munthu mmodzi kapena awiri oti akhale alimi otsogolera, osati chifukwa ndi achibale a mfumu koma chifukwa matumba awo akuoneka. Ife tinachedwa kuchita zimenezi, ndipo anthu ena anagwa mphwayi pa miyezi iwiri ija osabwereranso. Ndipo musayambe ndi matumba khumi. Yambani ndi awiri, manyowa atapsa.

Mu Ogasiti chaka chatha eni nyumba anakweza lendi ndipo tinasamukira kutsidya kwa msewu. Anthu anaima m'makomo kuonerera amuna anga akukankha wilibala, ulendo uliwonse thumba limodzi, bonongwe akugwedezeka pamwamba, mwana wathu womaliza akuthamanga pambuyo atanyamula keni yothirira. Thumba limodzi linang'ambika panjira chifukwa dzuwa linali litalidya. Matumba amenewa satha chaka ndi theka asanafune kusinthidwa. Madzulo ake mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzatilonjera, maso ali pa kathandala. Anafunsa ngati ndimagulitsa. Ndinamuthyolera chisoso ndi luni wa mgonero, n'kumuuza kuti asatayenso phulusa la pambaula ndi makoko a nthochi, ndipo Loweruka abwere ndi thumba lopanda kanthu, chitini, ndi timiyala todzaza ndowa.